Phunziro: Kodi mtendere umacokera kuti?

Werengani pamodzi ndi aphunzitsi

Ili ndi khasu.
Khasu ndi la amayi.
Amayi alima mbatata.
Abambo alima cimanga.
Ana apita ku sukulu.
Palibe wothawa.
Palibe wobisala.
M'mudzi muli mtendere.

kha - su   khasu
ba - ta   bata
mfu - ti   mfuti
m - te - nde - re   mtendere

Bata ndi mtendere

Gawo ili awerenge ndi akulu, ana amvetsere. Kunyumba angawerenge amayi, abambo, amalume kapena mkulu wake wa mwana. Awerenge pang'onopang'ono. Si bwino kumaliza zonse tsiku limodzi.

Ana awiri akulimbirana mpira pa bwalo la sukulu. Wina wamenya mnzake. Aphunzitsi atulukira ndi kukalipa. Pomwepo ana aja angoti zii. Palibe wolira, palibe wotukwana. Limeneli ndi bata.

Koma womenyedwa uja akunena camumtima kuti, "Tikaweruka uona." Ndewu sinathe. Yangogona. Bata lotere lili ngati moto umene amayi aukwirira ndi phulusa madzulo. Pamwamba pamaoneka pozizira. Mwana akapondapo m'mawa, amapsa.

Mtendere ndi wina. Womenya uja akapita kwa mnzake ndi kunena kuti, "Pepa, ndinalakwa," ndipo mnzakeyo akayankha kuti, "Zatha, tiye tikasewere," pamenepo ndiye pali mtendere. Mawa adzayendanso limodzi pa njira ya ku sukulu. Adzagawana cinangwa cowocha.

Mbali yoyamba ya Baibulo inalembedwa m'Ciheberi. M'ciyankhulo cimeneco mawu a mtendere ndi shalom. Mawuwa amanena za cinthu camphumphu, cosasweka, ngati mtsuko wopanda mng'alu. Munthu ali ndi shalom ngati ali bwino m'thupi, ali bwino ndi abale ake, m'nkhokwe muli cakudya, ndipo ali bwino ndi Mulungu. Ayuda amapatsana moni ndi mawu amenewa. Asilamu nawonso amati salaam, ndipo mawu awiriwa ndi pacibale.

Zimene Akhristu amaphunzitsa

Ku Furancungo, ku Tsangano ndi m'midzi yonse ya Macanga muli Akhristu a mipingo yosiyanasiyana. Ena ndi Akatolika, ena ndi a Reformada, ena ndi a mipingo ina. Amasiyana pa nyimbo ndi pa kapempheredwe. Koma akafunsidwa kumene mtendere umacokera, yankho lawo ndi limodzi. Amati umacokera kwa Mulungu.

Iwo amafotokoza motere. Paciyambi munthu anali pa ubwenzi ndi Mulungu. Kenaka munthu anacimwa, ubwenziwo unasweka. Sipanapite nthawi, Kaini anapha mng'ono wake Abele. Ndiye kuti udani wa pakati pa anthu uli ngati udzu woipa m'munda. Masamba ake ndi ndewu, mabodza ndi nkhondo. Muzu wake uli pansi, mumtima wa munthu amene watalikirana ndi Mlengi wake. Wolima akangodula masamba, udzu umaphukanso mvula ikagwa.

Akhristu amati Yesu anabwera kudzazula muzuwo. Anabwera kudzayanjanitsa anthu ndi Mulungu, ndi kuyanjanitsanso anthu okhaokha. Amati anacita zimenezi pofa pa mtanda ndi kuukanso.

Pali nkhani ina m'buku la Yohane, mutu 20, imene ana sayenera kuiiwala. Pamene Yesu anagwidwa, ophunzira ake anathawa. Petro anamukana katatu. Yesu atauka, ophunzirawo anali m'nyumba, zitseko zili zotseka cifukwa ca mantha. Yesu anafika ndi kuima pakati pawo. Akanatha kuwafunsa kuti, bwanji munandisiya ndekha? Sanafunse. Anawapatsa moni wa mtendere. Anawaonetsa mabala a m'manja ndi m'nthiti mwake. Kenaka anabwerezanso moni womwewo.

Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuziona bwino. Coyamba, ophunzira aja sanagule mtenderewo. Sanalipire mbuzi kapena nkhuku. Anangopatsidwa, pamene iwo anali olakwa. Caciwiri, mabala sanabisidwe. Mtendere wa Cikhristu sunena kuti palibe cimene cinacitika. Bala limaoneka, koma wolakwiridwa sabwezera. Anthu ambiri, ngakhale akulu a mumpingo, amavutika ndi mbali imeneyi. Kuimba nyimbo ya mtendere m'chalichi n'kosavuta. Kupatsa moni munthu amene anaocha nkhokwe yako ndiye nkhani ina.

Mwana wina angafunse kuti, "Ngati mtendere umacokera kwa Mulungu, ndiye kuti anthu angokhala pansi ndi kudikira?" Funsoli ndi labwino. Mvula imacokera kumwamba, palibe munthu amene amaipanga. Koma munda wosalima subereka cimanga, ngakhale mvula igwe bwanji. Ndi cifukwa cake Yesu, m'buku la Mateyu mutu 5, anayamikira anthu oyanjanitsa anzawo, ndipo anawacha ana a Mulungu. M'mutu womwewo anaphunzitsanso kuti munthu akafika ndi copereka cake ku nyumba ya Mulungu, ndipo akakumbukira kuti ali pa mlandu ndi mbale wake, ayambe wabwerera kukakonza mlanduwo. Copereka cidikire.

Esau ndi Yakobo

Esau ndi Yakobo anali mapasa. Esau ndiye anayamba kubadwa. Yakobo ananamiza atate awo Isake, amene anali okalamba ndi osaona, ndipo analanda madalitso a mkulu wake. Esau anakwiya kwambiri. Anafuna kumupha. Yakobo anathawira kutali, kwa amalume ake a Labani. Anakhala kumeneko zaka 20.

Pa zaka zonsezo panalibe ndewu pakati pa awiriwa. Panali bata, cifukwa sanali kuonana.

Tsiku lina Yakobo ananyamuka kubwerera kwawo. Ali pa njira anamva kuti Esau akubwera ndi amuna 400. Yakobo anacita mantha. Anapemphera kwa Mulungu. Anatsogoza mphatso za mbuzi, nkhosa, ngamila, ng'ombe ndi abulu. Atamuona mkulu wake, anagwada pansi ka 7. Koma Esau sanatulutse mpeni. Anathamanga ndi kumukumbatira mng'ono wake. Onse awiri analira.

Makolo a Acewa ndi Angoni sangadabwe ndi nkhani iyi. Pa bwalo la amfumu, wolakwa amapepesa ndi nkhuku kapena mbuzi, ndipo abale a mbali zonse amakhala mboni. Akulu anaona kale kuti nkhondo simanga mudzi.

Nkhondo ya zaka 16

Ana a kalasi yoyamba sanaione nkhondo imeneyi. Agogo awo anaiona.

Dziko la Moçambique linalandira ufulu pa 25 Junho 1975. Patangopita nthawi pang'ono, panabuka nkhondo pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Omenyanawo anali ana a dziko limodzi. Nthawi zina anali ana a mudzi umodzi, ngakhale a mimba imodzi.

Dera la Tete linavutika kwambiri. Masukulu ndi zipatala zinatsekedwa. Minda ya mbatata ndi tirigu ku Tsangano inamera thengo. Anthu anagona m'mapiri, m'nyengo yozizira, opanda moto, poopa kuti utsi ungawaulule. Ambiri anathawira ku Malawi, m'maboma a Ntcheu, Dedza ndi Lilongwe. Ena anapita ku Zambia, ndipo anakakhala ku Ukwimi. Pofika caka ca 1992, ku Malawi kunali anthu othawa nkhondo oposa 1,000,000. Ndi cifukwa cake amayi ndi abambo ena a m'midzi ino anabadwira ku Malawi ndipo anayambira sukulu kumeneko.

Mipingo nayonso inalira maliro. Pa 30 Outubro 1985, ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi m'boma la Angónia, anthu a mfuti anatenga ansembe awiri usiku ndi kuwapha. Maina awo ndi João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia komweko, ndi Sílvio Moreira, wocokera ku Portugal. Iwo anali atakhalabe pakati pa anthu awo pa nthawi yoopsayo.

Anthu amene anapita kukalankhula

Pa nthawi ya nkhondo, mbali iliyonse inkanena kuti mbali inayo si anthu oyenera kukhala nawo pansi. Koma atsogoleri ena a mipingo ananena poyera kuti nkhondoyi sidzatha ndi mfuti. Anati abale ayenera kukambirana. Mawuwa sanakondweretse aliyense poyamba.

M'caka ca 1989 atsogoleri a mipingo anapita ku Nairobi, m'dziko la Kenya, kukaonana ndi akuluakulu a Renamo. Pakati pawo panali Dom Alexandre dos Santos wa ku Maputo, Dom Jaime Gonçalves wa ku Beira, onse awiri Akatolika, ndi Dom Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican. Iwo analibe asilikali. Analibe ndalama zoti apatse munthu. Anangonyamula mawu kucokera uku kupita uko, monga amacitira ankhoswe banja likasokonezeka.

M'mwezi wa Julho 1990 mbali ziwirizi zinakumana ku Roma, m'dziko la Italia. Zinakumana m'nyumba yakale ya gulu la Akhristu, dzina lake Sant'Egidio. Gululi limadziwika ndi kupemphera ndi kudyetsa osauka. Nthumwi za boma anazitsogolera Armando Guebuza. Za Renamo anazitsogolera Raul Domingos. Ankhoswe anali anayi: Dom Jaime Gonçalves, Andrea Riccardi ndi wansembe Matteo Zuppi a ku Sant'Egidio, ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italia.

Pa msonkhano woyamba sanagwirizane zosiya nkhondo. Koma analemba pa pepala kuti onse ndi ana a dziko limodzi ndi a banja limodzi. Cinaoneka ngati cinthu cacing'ono. Komatu munthu sangapangane kanthu ndi amene akumuyesa cilombo. Ayenera kuyamba wavomera kuti uyu ndi mbale.

Zokambiranazo zinatenga miyezi 27. Nthawi zina zinkaima, anthu atakwiyitsana. Ankhoswe ankayambanso. Kunyumba kuno anthu anali kufabe, ndipo Akhristu m'mipingo anali kupempherera mtendere Lamulungu lililonse. Pomaliza, pa 4 Outubro 1992, Joaquim Chissano, amene anali mtsogoleri wa dziko, ndi Afonso Dhlakama, amene anali mtsogoleri wa Renamo, anasaina pangano la mtendere ku Roma. Anagwirana canza ndi kukumbatirana. Ndi cifukwa cake pa 4 Outubro caka ciliconse ana sapita ku sukulu. Ndi tsiku la mtendere ndi ciyanjano.

Kunena zoona, si mipingo yokha imene inathetsa nkhondo. Asilikali a mbali zonse anali atatopa. M'caka ca 1992 kunali cilala cacikulu, ndipo njala sinasankhe wa Frelimo kapena wa Renamo. Maiko ena amene ankathandiza nkhondoyi anali atasintha maganizo. Akhristu sakana zimenezi. Iwo amati Mulungu amagwira nchito kudzera mwa anthu ndi nyengo, monga mvula imadzera m'mitambo.

Pangano la ku Roma linali pepala. Nchito yaikulu inacitika m'midzi. Kuyambira 1993 anthu anayamba kubwerera ambirimbiri kucokera ku Malawi, atasenza mitolo pamutu. Anapeza nyumba zitagwa ndi minda itasanduka thengo. Anapezanso anthu amene anawalakwira, ali moyo, akutunga madzi pa citsime cimodzimodzi. Mabanja ena anatengera ana awo obwera ku nkhondo ku chalichi kukawapempherera. Ena anawasambitsa mankhwala a makolo kuti zoipa za ku nkhondo zitsale kuthengo. Ambiri anacita zonse ziwiri. M'mwezi wa Outubro 1994 anthu anaponya voti, ndipo Frelimo ndi Renamo anapikisana ndi mapepala m'malo mwa zipolopolo.

Mfuti isanduka khasu

Nkhondo inatha, koma mfuti zinatsala. Zina zinali pansi pa mphasa. Zina zinakwiriridwa m'munda kapena m'phanga. Dom Dinis Sengulane ankauza anthu kuti kusunga mfuti m'nyumba kuli ngati kugona ndi njoka. Tsiku lina idzaluma mwini wake.

Mneneri Yesaya, m'mutu 2 wa buku lake, ananena za nthawi imene anthu adzasula zida zawo za nkhondo kuti zikhale zolimira. M'caka ca 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique linatenga mawu amenewa ndi kuwasandutsa nchito. Pa Cipwitikizi nchitoyo inali ndi dzina lakuti Transformação de Armas em Enxadas. Pa Cinyanja ndiye kuti kusandutsa mfuti kukhala makasu.

Zinkayenda motere. Munthu ankabweretsa mfuti imene anabisa. Sankamangidwa. M'malo mwa mfutiyo ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata ofolera nyumba. Mfutiyo ankaiduladula kuti isadzawomberenso munthu.

Zidutswazo sanazitaye. Amisiri a ku Maputo anaziwocherera ndi kupanga mipando, mbalame ndi nyama. M'caka ca 2004 amisiri anayi anapanga mtengo waukulu wa zidutswa za mfuti zokhazokha. Kutalika kwake ndi mamita oposa 3. Anaucha Mtengo wa Moyo. Mtengowo unapita ku London, ku nyumba yosungira zinthu zakale ya British Museum, ndipo anthu a maiko ambiri anauona. 

Pano pafunika cenjezo. M'caka ca 2015 boma linalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba okwirira yayeretsedwa. Komabe zida zakale zimatha kupezeka pamene munthu akulima kapena kudyetsa mbuzi. Mwana akaona citsulo cacilendo kuthengo, asacikhudze, asaciponye mwala, asacitengere kunyumba. Abwerere pa njira imene anadzera, akauze akulu. Akuluwo akauze amfumu ndi apolisi.

Mtendere wa 1992 unagwedezekanso. Kuyambira 2013 mfuti zinamvekanso m'cigawo ca pakati ca dziko. M'zaka za 2015 ndi 2016 mabanja ena a m'cigawo ca Tete anathawiranso ku Malawi. Pa 6 Agosto 2019, ku Maputo, Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade anasaina pangano lina. Ku Cabo Delgado, kumpoto, kunayamba nkhondo ina m'caka ca 2017, ndipo ana ambiri a msinkhu wa kalasi yoyamba anathawa m'midzi yawo. Pa mapemphero a m'banja ndi bwino kuwachula ana amenewa.

Yankhani pakamwa

1. Kodi bata ndi mtendere zimasiyana bwanji?
2. Kodi Akhristu amati mtendere umacokera kwa yani?
3. Yesu atapeza ophunzira ake m'nyumba yotseka, anawaonetsa ciyani?
4. Esau anacita ciyani ataona mng'ono wake?
5. Munthu wobweza mfuti ankalandira ciyani?
6. Mukaona citsulo cacilendo kuthengo, mudzacita ciyani?

Sewero

Ana atatu aime kutsogolo. Wina akhale mkulu, wina mng'ono, wina agogo.

Mng'ono: Agogo, acimwene andithyolera pensulo.
Agogo: Bwera kuno iwe. Kodi ndi zoona?
Mkulu: Ndi zoona, agogo. Koma iyeyu ndiye anayamba kunditukwana.
Agogo: Nanga iwe, unamutukwana mkulu wako?
Mng'ono: Inde, agogo.
Agogo: Ndiye woyamba kupepesa akhala ndani?

Sewero liime pamenepo. Ana onse anene maganizo awo. Kenaka atatu aja amalize sewerolo.

Nchito ya kunyumba

Jambulani khasu. Pansi pake lembani mawu akuti khasu.

Lembani m'kope mawu awa katatu: mtendere, bata, pepa.

Madzulo funsani agogo kapena munthu wina wamkulu kuti, "Kodi munali kuti pamene munamva kuti nkhondo yatha?" Mvetserani osadula mawu. Ngati agogo sakufuna kunena, musawakakamize. Mawa mudzauze anzanu dzina la malo amene agogo anali.